Banzi la Nkhono

Ana a pasukulupo ankamutcha Nkhono chifukwa cha kadyedwe kake. Anzake akalandira banzi ndi kapu ya mkaka ankameza ngati pali wina akuwathamangitsa, n'kuthawira kubwalo la mpira. Iye ankakhala pakona ya benchi yakumapeto, n'kumamwa mkakawo pang'onopang'ono, banzi lili pamiyendo, mpaka m'chipinda chodyeramo mutatsala iye yekha ndi ntchentche. Kanali kamtsikana kowonda, ka maso aakulu, ndipo yunifolomu yake inkaoneka ngati yobwereka.

Chakudyacho chinkachokera ku gulu la azimayi a m'deralo amene anatopa ndi kuona ana akukomoka pamzere m'mawa. Mwini bekale wa kuseri kwa msika ankawapatsa mabanzi ogona, ena ankasonkha mkaka wa ufa, ndipo amene ankayatsa moto ndi kugawa anali mayi wina wamasiye, wa mawondo ovuta, amene ana ankamutcha Amayi Supuni. Sankalandira kanthu. Ankangoti mwana wa mnzako ngwako yemwe, n'kumangirira epuloni yake.

Ntchito inkayenda bwino mpaka pamene zinadziwika kuti azibambo ena opanda manyazi ankadikirira ana awo pageti, kuwalanda mabanzi n'kukawagulitsa pakhomo la bala. Inde, munthu wamkulu wa ndevu zake, kulanda banzi la mwana! A Tcheya a gululo, namwino wopuma pantchito, mayi wa mtima wabwino koma wosamva za munthu, anakwiya kwambiri. Anakhazikitsa lamulo tsiku lomwelo: chakudya chizidyedwa m'chipindamo, ndipo mwana aliyense potuluka azitembenuza matumba ake pakhomo. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Tsiku loyamba la lamulolo, banzi la Nkhono linapezeka m'sokosi.

“Ichi n'chiyani?” anafunsa a Tcheya, atalinyamula ndi zala ziwiri.

“Ndi la mlongo wanga wamng'ono,” anatero Nkhono, maso ali pansi.

“Nonse mumatero. Bambo ako ali pageti, eti?”

“Bambo kulibe. Anachoka kalekale.”

“Ndiye mlongo wakoyo azibwera kusukulu, azidzadya yekha.”

“Sanafike poyamba sukulu. Wangoyamba kumene kuyankhula.”

“Nanga mayi ako?”

“Amachapa zovala za anthu. Koma pano akudwala, sakudzuka.”

A Tcheya anapumira m'mwamba. Sanali munthu woipa, ndipo nkhaniyo inawakhudza. Anati aikambirana pamsonkhano wa gulu, mwina n'kupeza njira yothandizira banjalo, koma lamulo ndi lamulo, ukamasulira mmodzi mawa onse abwera ndi alongo awo. Kenaka anatembenukira kwa Amayi Supuni.

“Mayi, mwana uyu muzimuimirira mpaka amalize. Taonani mikonoyi. Tikufuna anenepe.”

Choncho ntchito ya Amayi Supuni inawonjezeka. Akamaliza kugawa, ankakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi Nkhono. Mwanayo ankatafuna misozi ikugwera m'kapu. Tsiku lina anayesa kusunga theka la banzi m'tsaya, koma a Tcheya anamuona pakhomo kuti tsaya limodzi latupa, n'kumubweza. Kuyambira pamenepo Amayi Supuni ankayenera kunena mawu amene ankawawawa kuposa mawondo awo: “Tsegula kukamwa, mwanawe, ndione.”

Nkhono ankatsegula. Sanawanyozepo, sanawayankhepo mwano. Ankangowayang'ana, ndipo Amayi Supuni akafika kwawo chakudya chinkawakanika.

Msonkhano uja unachitika, koma nkhani ya mlongo wa Nkhono sinafikidwe. Kunkabwera alendo ofuna kuthandiza gululo, ndiye azimayi anathera nthawi yonse akukangana za penti ya pakhoma ndi za amene adzayankhule. Amayi Supuni atakweza dzanja, a Tcheya anati, “Zimenezo tiziona alendo akapita, mayi. Akatipatsa thandizo, ngakhale makanda tidzawadyetsa.”

Amayi Supuni anaganizapo zobisa banzi m'chikwama mwawo n'kukapereka okha. Koma mabanzi sankatsala, ana ankachuluka kuposa mabanzi, ndipo kubisa limodzi kunali kumana mwana wina amene waima pamzere ndi kapu m'manja. Komanso gulu lonse linkawadziwa kuti ndi mayi wosatola ngakhale nyenyeswa, ndipo ankaopa kutchedwa wakuba atakalamba kale. Anafunsa Nkhono kumene amakhala. Mwanayo anangoloza ndi mlomo cha kutsidya kwa njanji, osanena zambiri, poopa kuti mwina akufuna kukamuneneza kwa mayi ake. Amayi Supuni anati apita Loweruka. Loweruka mawondo anatupa. Anati apita Loweruka linalo.

Nkhono ananenepadi. Masaya anadzaza, khungu linayamba kusalala. Alendo atabwera, a Tcheya anamuimika kutsogolo, atamugwira mapewa, n'kufotokoza mmene analili poyamba. Alendo anaomba m'manja, anamujambula atanyamula kapu, ndipo chithunzicho anachikhoma pakhoma la penti yatsopano, pamwamba pa tebulo logawira.

Sabata yotsatira benchi yakumapeto inali yopanda munthu.

Ulendo uno Amayi Supuni sanadikire Loweruka. Atatsuka makapu, anagula mabanzi awoawo pabekale, n'kuwoloka njanji akutsimphina, akufunsa nyumba ya mayi wochapa zovala amene akudwala. Anawalozera kachipinda ka kumapeto kwa mdadada, pafupi ndi ngalande. Chitseko chinali chotseka. Pachingwe panali kamalaya kakang'ono kamene kanauma kalekale koma palibe anakachotsa. Mayi wa nyumba yoyandikana anatuluka ndi beseni m'manja.

“Mukufuna amake mtsikana uja? Ali kuchipatala, anawagoneka. Kamwanako tinakaika dzana.”

“Kanadwala chiyani?”

“Kudwala? Ankati kutsegula m'mimba, koma inu, kamwana kaja kanali katatha kale. Miyendo ngati timitengo. Kale mtsikanayo ankabwera ndi banzi kuchokera kusukulu, n'kumakanyowetsera m'madzi, kankadya. Kenaka anangosiya. Ife tinkadabwa kuti mwana uyu wayamba umbombo bwanji, iye akunenepa mlongo wake akutha. Ana a masiku ano!”

Amayi Supuni anakhala pansi pakhonde la eni ake, pepala la mabanzi lili pamiyendo, ndipo analira ngati kamwanako kanali kawo. Anadzida, anada epuloni yawo, anada mawu aja a tsegula kukamwa.

A Tcheya atamva analira nawonso, kulira kwenikweni. Anaitanitsa msonkhano wadzidzidzi, ndipo lamulo linasinthidwa popanda wotsutsa: mwana amene ali ndi wamng'ono kunyumba azilandira mabanzi awiri, lina azipita nalo. Zinatheka mosavuta, mwini bekale anangovomera kuwonjezera thireyi imodzi. Zimenezi n'zimene zinawapweteka kwambiri Amayi Supuni, kuti chinthu chonsecho chinali chapafupi chonchi.

Nkhono anabweranso kusukulu, tsopano akukhala kwa azakhali ake. Anaima pamzere ngati kale, pansi pa chithunzi chake chomwe, osachiyang'ana. Atafika patebulo, Amayi Supuni anamuthirira mkaka n'kumuikira mabanzi awiri m'manja.

“Tenga, mwanangu. Ili udye, ili uike m'thumba. Palibe akusechenso pakhomo.”

Nkhono anayang'ana mabanziwo, kenaka anayang'ana Amayi Supuni ndi maso ake aakulu aja. Anabweza limodzi pathireyi, mosamala, kuti lisagwe.

“Ndikampatse ndani?” anafunsa.

Anapita pabenchi yake yakumapeto, nadya msangamsanga ngati anzake onse. Atamaliza anabwerera patebulo, naima pamaso pa Amayi Supuni, n'kutsegula kukamwa kuti aone.