Webusayiti Imene Bambo Anamanga

Pa sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto ija, aliyense ankawatchula kuti Mayi Buleki, chifukwa palibe ankadutsa pa tebulo lawo osaima. Sukuluyo anaiyambitsa ndi amuna awo, ndipo webusayiti yake anaimanga bambowo okha, chidutswa ndi chidutswa. Masamba ndi zithunzi zinali ku kampani ina. Kalendala yosungitsira nthawi ya maphunziro inali kwina. Mauthenga okumbutsa ophunzira pafoni ankachokera kwinanso. Ndiye panali mafunso a zikwangwani za pamsewu, amene bambo ankawanyadira kwambiri: munthu akalakwa, kompyuta inkamuimbira hutala.

Zonsezi zinkamvana bambowo ali bwino. Koma anadwala sitiroko, dzanja lamanja linafooka, ndipo mawu ankatuluka mochita kukoka.

Lolemba lina m'mawa, ophunzira atatu anafika nthawi imodzi, aliyense ali ndi uthenga pafoni woti galimoto ndi yake 8 koloko. Mng'ono wa bambo, amene ankaphunzitsa pamsewu, anaima pakhomo makiyi ali m'manja.

"Alamu, ndiwakweze onse? Wina agwire chiwongolero, awiriwa agawane mapedulo?"

Mayi sanaseke. Anapepesa kwa awiri, nkhope ikutentha ndi manyazi, ndipo tsiku lomwelo anaitana mayi wina wokonza mawebusayiti. Iye anafufuza kwa ola lathunthu, kenako anakankhira kompyuta pambali.

"Kalendala yanu anaisintha eni ake, ndiye siikumvananso ndi ya mauthenga. Ndikhoza kuzilumikizanso. Zida zimenezi chilichonse pachokha n'chabwino, amene anasankha ankadziwa. Koma china chikadzasintha, mudzandiitananso. Apo ayi, tisamutsire zonse m'pulogalamu imodzi, yoti muziiyendetsa nokha. Kungoti siili yochenjera ngati izi. Mafunso onse 240 aja mudzawalembanso limodzilimodzi, ndipo hutala sadzalira."

Mlendoyo atatuluka, alamu aja anapukusa mutu.

"Achimwene ziwapweteka izi. Muja munathera zaka zawo zisanu. Bwanji tidikire achire?"

"Tadikira miyezi isanu ndi inayi, alamu. Wophunzira akakhumudwa, amangowoloka msewu n'kukalembetsa kwina."

Madzulo anapeza amuna awo pawindo, akufinya kampira kamene anawapatsa kuchipatala. Sanazungulire, anawauza zonse mmene zinalili. Bambo anayang'ana kukhoma.

"A... yi."

"Ndamva, bambo. Koma zimene munamangazo zimafuna inuyo, pomwe pa tebulo paja pakukhala ine. Ndatopa kuiyang'ana kompyuta ngati mlendo pakhomo panga pomwe."

Bambo anaponya kampirako pansi. Masiku awiri sanawayankhe ngakhale moni. Mayi ankawasambitsa, kuwaveka, kenako n'kukalirira kubafa madzi akutuluka pampopi kuti asamveke. Koma Lachitatu anamuimbira wokonza uja kuti ayambe kusamutsa.

Loweruka anabweretsa kompyuta kunyumba, naiika pa tebulo lodyera pamodzi ndi mulu wa mapepala a mafunso. Ankalemba ndi zala ziwiri, akuwerenga mokweza monga mwa chizolowezi chawo. Bambo anali pampando wawo, atatembenukira kumbali. Pofika funso la makumi atatu, maso a mayi anali atalema.

"Chikwangwani ichi chikutanthauza kuti msewu ukuchepa kutsogolo," anawerenga.

Phwa! Dzanja lamanzere la bambo linamenya mkono wa mpando.

"Mla... tho. Mlatho... wo... panikiza."

Mayi anayang'anitsitsa pepalalo. Analidi atadumpha mzere. Anakonza, kenako anakokera tebulo kufupi ndi mpandowo.

Ntchitoyo inawatengera Maloweruka atatu. Mayi ankalemba, bambo ankagogoda pakalakwika. Mafunso khumi ndi limodzi bambo anawachotsa okha, akuti malamulo ake anasintha kalekale. Za kusamutsako sanavomereze ndi pakamwa, ndipo mayi sanawafunsenso.

Webusayiti yatsopano inatuluka yosakongola kwenikweni. Alamu ankati ikuoneka ngati fomu ya kuchipatala. Kalendala yake sinkalola maphunziro a theka la ola, moti anasintha kuti onse akhale a ola lathunthu, ndipo ophunzira ena anang'ung'udza. Koma tsiku limene galimoto imodzi inapita ku galaja, mayi anatseka masiku atatu pa kalendala ndi manja awo, mauthenga n'kupita kwa onse oyenera. Atatero, anadzipangira tiyi.

Lachisanu lotsatira, bambo analoza jekete yawo kuti awaveke, akufuna akaone ku ofesi. Mng'ono wawo anabwera kudzawatenga, ndipo njira yonse bambo ankamugogoda pabondo kuti akuchedwa kusintha giya.