Ndowe za Nyamanda

"Ndipatseni dothi limenelo mvula imodzi yokha. Ng'ombe ikadzalowa m'msipu wanga siidzafunanso kutuluka, mudzachita kuinyamula."

Anatero Pitasoni pamphala, pabwalo la amuna, amuna anzake ali kalikiliki kusoka khoka. Dzina la kwa amake linali Kajiso, koma atanyamula njerwa miyezi itatu kwa Azungu amene anali atangokhazikika kumene ku Bandawe, anabwerako ndi malaya amodzi, dzina latsopano, ndi nzeru za chinthu chilichonse. Za ng'ombe ankati anaziphunzira komweko. Zoona zake n'zakuti njira yopita ku uvuni inkadutsa pafupi ndi khola, basi.

Dothi ankanenalo linali kachigawo kakuseri kwa linga la Chintheche, pakati pa mpanda ndi mtsinje. Masiku amenewo anthu anali atathithikana m'linga ngati usipa m'dengu poopa Angoni, ndipo malo oti munthu adyetsepo chiweto n'kuthawira nacho mkati mfuu ikamveka anali ochepa. Pakachigawopo pankadya ng'ombe zitatu za Nyamanda, mkazi wa malemu mkulu wake wa Pitasoni.

Nyamanda anagwidwa ndi Angoni ali kamtsikana, ndipo anakhala kumapiri zaka khumi akuwola ndowe zozirira nyumba za eni ake. Atonga atagalukira Angoni n'kuthawira kunyanja, ena ananyamula mikondo, ena miphika, iye ndi mwamuna wake anakusa tiana tiwiri ta ng'ombe. Mwamunayo sanakhalitse, anamwalira ndi chifuwa. Zinatsala ng'ombe, zitaswana n'kukwana zitatu, ndipo mkaka wake ndi umene unkathandizira kondowole kulera ana ake awiri. Kachigawo kaja kakanamuchoka, ng'ombe zikanapita kukadya kuthengo, komwe Angoni akanazilandira ndi manja awiri.

Dandaulo la Pitasoni linali lakuti mlamu wakeyo akupha dothi. Udzu unali waufupi ngati mutu wa munthu wometa maliro. Ndowe zinali mbwee, munthu osaponda momasuka. Iye ankati Mtonga amasamba kawiri patsiku, sangasunge zonyansa pakhomo ngati Mngoni. Choncho malo aperekedwe kwa iye, ndi ng'ombe zomwe, popeza zinali za m'bale wake.

Nkhaniyo inamupeza Nyamanda akuvuula chinangwa. Sanasambe n'komwe m'manja. Anafika pamphala, pamene akazi sakhalapo, n'kuima m'mphepete khasu lili paphewa.

"Alamu, ng'ombe inayamba yakupondanipo?"

Pitasoni anati funsolo linali lachibwana.

"Ndafunsa chifukwa ine zala zanga ziwiri zakuphazi izi zilibe zikhadabo. Zanu ndikuziona zonse zilipo."

Amuna anaseka chamumtima, maso ali pakhoka. Ada Mphande, mkulu amene ankagawa nsomba khoka likatuluka, anati mlandu wa dothi ndi wosavuta, ugawidwe ngati nsomba. Kachigawoko kadulidwe pakati ndi zikhomo, wina uku wina uku, mvula ikadzatha akuluakulu adzaone amene wasamala bwino, ameneyo adzatenge zonse. Pitasoni anawonjezera kuti ng'ombe zisadzaponde mbali yake mpaka tsikulo, zingamudetsere.

Aliyense anaona kuti apa mkazi wapanikizidwa, ng'ombe zitatu pa theka la malo. Nyamanda anavomera, koma anakana chinthu chimodzi.

"Oweruza musakhale inu, Ada. Inu simudya udzu. Zidzaweruze ng'ombe."

Ada Mphande anakanda m'mutu, n'kunena kuti m'moyo wawo wonse anali asanalandidwepo mlandu ndi nyama, koma mawuwo analibe potsutsa.

Pitasoni anayamba ntchito m'mawa mwake, atavala malaya. Anasesa mbali yake yonse mpaka inayera ngati bwalo la gule. Ndowe zouma anazitola ndi nkhafi yothyoka, mphuno atayang'anitsa kumbali, n'kumaziponya kutsidya kwa zikhomo uku akufuula kuti mlamu atenge chuma chake cha kwa Angoni. Madengu asanu ndi limodzi anathera kumeneko. Nyamanda dengu lililonse ankaliyankha ndi mawu amodzi othokoza, "Yewo, alamu," ndipo Pitasoni ankayesa kuti mkaziyo wasweka mtima. Atatha kusesa anatentha zotsala zonse, utsi n'kukwera mpaka a ku Bandawe anayesa kuti Angoni afika.

Nyamanda ntchito yake inalibe chionetsero. Ndowe zija anaziphwanya ndi msana wa khasu n'kuzimwaza mopyapyala. Theka lakelo analigawanso patatu. Ng'ombe ankazimangirira pagawo limodzi, zikadya mpaka udzu kufika m'kakolo n'kuzisamutsa, gawo lija lipume. Kakhola kake ka mitengo yozula ankakasuntha mwezi ukaoneka, kuti mkodzo ndi ndowe zisaunjikane pamodzi. Zimenezi palibe anamuphunzitsa. Kumapiri kuja akazi sankaloledwa kulowa m'khola, koma maso sankaletsedwa, ndipo iye anaona kuti pamene pachoka khola ndi pamene ng'ombe zimathamangira chaka chinacho.

Mvula yoyamba itagwa, mbali ya Pitasoni inaphuka msanga paphulusa paja, kubiriwira kochititsa kaso. Ya Nyamanda inali yamathothomathotho. Pofika pakati pa dzinja zinthu zinamuthina. Malo anachepadi, nthiti za ng'ombe yaikulu zinayamba kuwerengeka, mkaka unatsika mpaka mwana wake wamng'ono ankalira akaona chikho. Akazi anzake kudooko anamulangiza kuti asiye makani, alole mlamu amulowe chokolo, ng'ombe ndi malo zikhale za nyumba imodzi. Iye anati anakhalapo kale kapolo wa anthu odziwa ng'ombe, sangakakhalenso kapolo wa munthu wosazidziwa.

M'malo mwake anatenga chikwakwa. Tsiku ndi tsiku ankatsikira kumtsinje kukamweta nsenjere zanthete ndi bango laliwisi, n'kusenza mitolo mpaka khosi kuuma. Pitasoni, atakhala pachitsa mbali yake, anamufunsa ngati tsopano wayamba kuphikira ng'ombe.

"Ndikuphikira dothi, alamu. Ng'ombe ndi mphika chabe. Cholowa kutsogolo chimatulukira kumbuyo, n'kutsala pamalo panga."

Pitasoni anakafotokoza mawuwo pamphala ngati umboni wakuti mlamu wake mutu wayamba kuzungulira.

Ndipo kunena zoona, amene ankadutsa ankaona ngati Pitasoni wapambana. Udzu wake unakula osadyedwa, unafika m'chiuno, unafika m'khosi, mpaka unamupitirira. Unali tsekera wokhwima bwino, pansi pake nansongole ali yekhayekha. Iye ankauyeza ndi nkhafi pamaso pa anthu. Amuna a m'linga ankagwedeza mitu movomereza, pakuti msodzi udzu amaudziwira padenga: wabwino ndi wautali, wolimba, wosawola msanga. Ena anayamba kale kumupempha mitolo yofolera. Mbali ya Nyamanda kunali kapinga wamfupi, woyanga, wothithikana moti dothi silinkaoneka, wobiriwira mpaka kuderako. Amunawo ankati udzu wotero sungafolere ngakhale chisa cha nkhuku.

Mvula itasiya, mwera utayamba kuwomba, Ada Mphande anatchula tsiku. Pitasoni analamula kuti ng'ombe zisadye chilichonse kuyambira m'mawa, kuti anthu adzaone kudya kwenikweni. Nyamanda sanatsutse. Anangozitsekera m'khola mpaka dzuwa linafika paliwombo, zikulira, anthu a m'linga atadzaza kumpanda, ena atakwera pamitengo.

Ada Mphande anati khola litsegulidwe, ng'ombe zisankhe zokha. Pitasoni anakana. Anati nyamazo zinazolowera umphawi, zimafunika munthu wozionetsa njira. Anatenga chingwe cha ng'ombe yaikulu, ndipo pofuna kuonetsa ukatswiri anachikulunga kawiri padzanja. 

Analowa nayo m'tsekera muja, ziwiri zija zikutsatira, mpaka onse anabisika. Kunja kunkangomveka mawu a Pitasoni akuziuza kuti zidye, zisachite manyazi, zonsezi n'zawo. Nsonga za udzu zinagwedezeka pang'ono, n'kuima. Kenaka kunamveka kufwenthera kwa ng'ombe imene nansongole waibaya pamphuno.

Udzu unang'ambika pakati. Inatulukira ng'ombe yaikulu ili pa liwiro, mchira uli m'mwamba, kumbuyo kwake Pitasoni akukwekwerezeka chafufumimba, dzanja lili m'chingwe, malaya atatsala penapake m'tsekera. Inadumpha zikhomo, iye n'kuzizula ziwiri ndi chifuwa. Itafika pakati pa kapinga wa Nyamanda inaima, n'kuweramitsa mutu, zinzake zili pambali pake, ndipo m'linga monse munangomveka ng'ombe zikumweta udzu.