Tsamba la Maliro

Nyuzipepala yathu ya ku Irbid itasiya kusindikizidwa n'kusamukira pa intaneti, mkonzi wathu, Bambo Hikmat, ankafuna maganizo atsopano Lamlungu lililonse. Wina ankati tikulitse zilembo, wina ankati tiike makanema. Ine Maysoon, wodzimva nzeru kuposa onse, ndinati nkhani imene anthu ambiri aitsegula izikwera yokha pamwamba.

"Masamba onse?" anafunsa Bambo Hikmat.

"Onse, bwana. Makina sakondera."

Za tsamba la maliro sindinaganizeko. Kwathu kuno anthu amayamba ndi tsamba limenelo asanaone n'komwe za boma, chifukwa chipepeso n'cha masiku atatu basi, ndipo wosapita amakhala ngati wanyoza banja lonse. Papepala mayina ankatsatana monga mmene uthenga wafikira. Tsopano anthu otchuka ndi eni masitolo ankakhala pamwamba sabata yathunthu, osauka n'kumira pansi.

Bambo anga ankawerenga tsambalo pa foni m'mawa uliwonse, magalasi atawatsitsira pamphuno. Ndinkalidziwa dzina limene ankaopa kulipeza: Radwan, mnzawo wa ubwana, amene anayambana naye kalekale chifukwa cha malire a munda wa maolivi. Onse awiri anali aliuma. Bambo ankati, "Ali moyo sindiponda pakhomo pake. Koma akatsogola ndikamwa khofi wowawa pachipepeso chake, ana athu asatengere chidani chathu."

Lachinayi lina anandiitanira kukhitchini. Foni inali patebulo.

"Mwana wanga, ichi chinalembedwa liti?"

Dzina la Radwan linali pansi penipeni, kunsi kwa mayina makumi anayi. Uthengawo unafika Lamlungu.

"Ine ndimawerenga tsiku ndi tsiku. Ndinaliphonya bwanji?"

Ndikanatha kunamizira makina, koma ndinawauza zoona, kuti nzeru imeneyo inali yanga. Sanandikalipire, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Anangovala jekete n'kunena kuti ndiwaperekeze kumudzi kwa Radwan.

Tinapeza tenti ya chipepeso ataigwetsa kale, amuna awiri akukweza mipando m'lole. Suhail, mwana wamkulu wa malemu, anaima pakhomo manja ali m'thumba.

"Masiku atatu takhala tikusuzumira kumsewuku, amalume," anatero. "Amayi ankati mubwera ndithu. Dzulo anasiya kunena."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za tsamba lija, koma bambo anandifinya dzanja.

"Ndachedwa ndine, mwana wanga. Palibenso wina."

Suhail anawayang'ana nthawi yaitali, mpaka amuna a lole aja anasiya ntchito n'kumadikira. Kenako anatembenukira kwa amunawo.

"Tsitsaniko mpando umodzi."

Unali umodzi wokha. Ine ndinatsala chiimire pachipata, ndipo sindinaone cholakwika pamenepo.