Waya wa pa Chitseko cha Mwayi Wathu

1.
Pansi pa madzi sayankhula. N'chifukwa chake Gidiyoni anaikonda ntchito yoperekeza alendo kukaona boti lomira. Botolo la mpweya kumsana, mapazi a bakha, paipi m'kamwa. Angakufunse chiyani munthu woti waluma mphira?

2.
Botilo dzina lake Mwayi Wathu. Lagona chammbali pansi pa nyanja zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Alendo amawauza kuti unali mwera. Sanama ayi, mwera unalipodi. Amangoidula nkhaniyo pakati.

3.
Okhalamo lero:
nsomba za mbuna zabuluu, pa chiwongolero
nkhanu, mu ketulo ya akaputeni
kampango ndi ana ake, kunsi kwa injini
usipa, wongodutsa ngati achibale a m'tauni pamaliro.
Ndi aja asanu ndi awiri a m'chipinda cha okwera. Amenewa sawatchula.

4.
Tsiku limenelo Gidiyoni anali wogwira zingwe m'botimo, mafunde akumenya chitseko cha chipindacho, chikutseguka, chikutsekeka, madzi akulowa, amayi akudandaula kuti ufa wawo unyowa, ndiye iye pofuna kuoneka wanzeru anatola waya nachimanga chitsekocho chakunja, anapota kanayi, wina m'katimo n'kuti zikomo achimwene, kenaka funde lalikulu lija, boti linapendekeka, iye anasambira, onse amene anali panja anasambira

5.
Kanayi.

6.
Asiyatu, namwino wa ku Zomba, anatha sabata akuphunzira kwa Gidiyoni kumira ndi botolo.
Abambo, mayi anga ali m'botimo, anatero mtsikanayo kwa Gidiyoni akumanga lamba. Pamene linkamira ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.
Pepani achemwali, anatero Gidiyoni.
Manyazi anamugwira mpaka anamanga botolo mozondotsa, katswiri wa zaka zonsezi. Anaganiza kuti mwanayu sakudziwa kanthu, ndipo anapemphera kuti abwerere kwawo asakudziwabe.

7.
Iwe Gidiyoni, njira yako ndi imodzi: kutsikira kumbuyo, kuzungulira ku injini, kuloza kampango, kukwera. Mbali ya chitseko suidutsa. Ndere zaukuta wayawo koma ulipo. Ukanaudula kalekale, palibe akanakuona. Dzanja limakana. Umaopa kutsegula ndi kuwapeza ataunjikana pakhomo pomwepo.

8.
Anatsika awiriwo. Gidiyoni analoza kampango. Asiyatu sanacheuke n'komwe. Anasambira molunjika ku chitseko, napukuta ndere ndi chala, wayawo n'kuonekera, wadzimbiri, wopotedwa bwino ndithu ngati ntchito ya munthu wosamala. Gidiyoni anapinda zala kufunsa mwa chizindikiro: zili bwino? Mtsikanayo sanabweze.
Pansi pa madzi sayankhula. Lero zinamuwawa.

9.
Atakwera m'kaboti kawo, Gidiyoni analavula paipi.
Achemwali, waya uja…
Ndikudziwa, anatero Asiyatu. Amalume anali padenga la botilo tsiku lija, anakuonani. Dzina lanu kwathu ndinalimva ndisanayambe sukulu.
Gidiyoni anakhala pansi. Zaka zonsezi akubisa chinthu choti mudzi wathunthu unkachidziwa.
Nanga bwanji simunabwere kudzandigwira?
Bambo anga anati munthu ameneyo ankafuna ufa usanyowe, msiyeni. Ine sindinagwirizane nazo. Mpaka pano sindigwirizana nazo.
Anapisa m'chikwama natulutsa pulayala yatsopano, namuikira pamwendo.
Mayi sankagona m'nyumba yotsekedwa chakunja, ngakhale tsiku limodzi. Ndikanaudula ndekha, koma womanga ndi amene amamasula. Mpweya watsala wokwanira?
Gidiyoni anayang'ana wotchi ya pabotolo, akufunitsitsa kuti ukhale utatha.
Unali wokwanira.