Ndakatulo ya Duku Lobiriwira

Chaka cha 1996, ku Etwatwa, Mmalawi akafuna kutumiza kalata kumudzi ankapita kwa Dalitso. Mnyamatayu anali atangomaliza Fomu 4 ku Mulanje, ndipo ntchito ku Joni kuno inali isanapezeke. Ankalembera aliyense. Kalata imodzi yokha ndiyo inkamukanika: yake, yofunsira Ida, mtsikana wogwira ntchito ya m'nyumba ku Alberton, amene Lamlungu lililonse ankabwera kudzalembetsa kalata ya amayi ake.

Loweruka lina kunabwera mlakatuli wa ku Zomba, a Upile, kudzaphunzitsa ndakatulo m'holo ya tchalitchi. Dalitso ataona Ida pa benchi yachitatu, duku lake lobiriwira lili kumutu, anati chamumtima: lero ndiye lero.

"Aliyense alembe," anatero a Upile, "koma dzina osaikapo. Mapepala tiponya m'chipewa changachi, aliyense atola limodzi n'kutiwerengera. Ndakatulo iziyenda yokha, osati kumangoibereka kumbuyo."

Dalitso analemba za duku lobiriwira, za kampata ka pamano, za manja onunkhira sopo wa kwa abwana. Pepala lakelo analitola Bonaventure, mlonda wa pafakitale, wamtali, wamawu ngati ng'oma, yemwe anangobwerera tiyi ndi mabanzi.

Bonaventure ankawerenga modukizadukiza, poti sukulu anailekera Sitandade 5, koma anthu ankayesa n'chikondi chikumutsamwitsa. Atafika pa duku lija, mitu yonse inatembenukira kwa Ida. Nthungululu zinalira. Bonaventure, m'malo monena kuti ndakatuloyo si yake, anangomwetulira n'kukonza kolala.

Dalitso anamva ngati wameza khala lamoto. Mawu ake, amene anawasamalira miyezi isanu ndi iwiri, akutuluka m'kamwa monona majarini!

Bonaventure atamaliza, Ida anakapempha pepala lija, n'kuthamangira kwa Dalitso, maso akuwala.

"ADalitso, zilembo izi ndazidziwa. Ndi zanu."

"Eya, ndi zanga," anatero Dalitso.

"Ndinadziwa ine! Ndiye aBona anakuuzani liti zonsezi? Mpaka za mano anga! Eish, anthu ofatsawa ndi oopsa. Onani mwayi wake, atola pepala lawo lomwe!"

"AIda, tamverani kaye..."

"Ayi, musadandaule, sindiwauza kuti ndadziwa zoti anachita kulembetsa. Angachite manyazi. Mawa ndibwera, mudzandilembere yankho. Mudzakometse ngati mmene mwakometsera yawoyi, mwamva?"

Anapinda pepalalo kanayi n'kulilowetsa m'bulauzi. Pakhomo Bonaventure anali atayima kale, makapu awiri a tiyi m'manja.

Dalitso analuma cholembera mpaka chinathetheka. A Upile, akuvala chipewa chawo, anamugwira paphewa.

"Mnyamata iwe, amene walemba ya duku ija ali ndi mphatso. Ukumudziwa?"

Dalitso anapukuta inki pamlomo.

"Ndi chitsiru china chake, bambo. Chimalembera anthu makalata."