Zaka Khumi ndi Chimodzi za Ba Whyson

Ba Whyson Sakala a ku Kanyama anali ndi mapepala awiri onena za kubadwa kwawo. Khadi la ubatizo, lolembedwa ku mishoni kwawo ku Katete, linkati anabadwa mu Malichi 1930. Reji, chitupa cha boma, inkati 1941. Loona linali khadi.

Rejiyo anaitenga mu 1976, atanama kuti yakale yatayika. Kampani ya boma yokonza magalimoto sinkalemba munthu wopitirira zaka makumi anayi, ndipo iwo anali ndi 46. Kalaliki anawayang'ana kumaso, nalemba chaka chimene anamuuza. Ambiri anachita zomwezo.

Kampaniyo inatsekedwa mu Febuluwale 1995. Antchito anauzidwa kuti adikire ndalama zawo zopumira, ndipo mayina awo anakhomedwa pageti. Lolemba lililonse Ba Whyson ankapita kukaona lawo. Mu Juni 1996 dzina la mnzawo Fanwell linadulidwa ndi inki yofiira. Ogulitsa katundu wa kampani anali atapeza kuti Fanwell anadzichepetsa zaka, choncho anayenera kupuma kale. Sanalandire kanthu. Nyumba anagulitsa.

Mu Seputembala msomali unawabaya Ba Whyson kuphazi lamanzere. Anali ndi matenda a shuga, ndipo bala silinapole. Pofika pakati pa Okutobala zala ziwiri zinali zitada, ndipo akazi awo, Ba Mainess, ankatsegula chitseko m'mamawa kuti fungo lituluke. Namwino wa ku kiliniki anayang'ana phazilo kamodzi kokha, nawalembera kalata ya ku chipatala chachikulu.

"Sabata ino, ba tate," anatero namwinoyo. "Mukachedwa, si phazi chabe."

Masiku amenewo chipatala chinali cholipira, kupatula kwa ana aang'ono ndi okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo. Ba Mainess ankagulitsa tomato pakhomo. Wailesi ndi njinga anali atagulitsa kale.

Lolemba, pa 21 Okutobala, anafika pawindo la kalaliki wa chipatala nthawi ya 10 koloko. Pachifuwa pa kalalikiyo panali kapepala kolembedwa Nkole. Anatenga reji, nawerengera zaka pa zala.

"Fifite faifi. Mulipila, ba mudala."

"Tilibe," anatero Ba Whyson.

"Ninshi mukabwele 2006. Muzapeza nikali pano, na ine malipilo sibananipase." Anaseka yekha. "Wina!"

Ba Mainess sanasunthe. Anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa kapepala kachikasu kokulungidwa m'pulasitiki ya shuga. Ba Whyson anakazindikira. Kwa zaka makumi awiri kankakhala pansi pa sutukesi, m'kati mwa buku la nyimbo.

"Amake Ennie, mwatenga chani?" ananong'ona. Anawagwira dzanja. "Bwezani."

"Nisiyeni."

"Mwaibala Fanwell?"

"Fanwell ali na mendo yabili."

Nkole anali atalitola kale khadilo. Analiika pambali pa reji, nayang'ana ili, nayang'ana iyo. Phazi la Ba Whyson, limene linkawawa usiku ndi usana, kwa kanthawi silinamveke n'komwe.

"Nayintini sate uku, nayintini fote wanu uku," anatero Nkole mokweza. "Ba mudala, munabadwa kabili? Kapena ni vija va ku chechi?"

Mayi wina kumbuyo anaseka.

Kenaka Nkole anatsitsa mawu. Anafotokoza kuti khadi la ubatizo angalilandire, koma lamulo la pamenepo linali lakuti mapepala akasemphana, onse awiri amajambulidwa, ndipo kope limapita ku ofesi yolembetsa anthu kuti akakonze. Zikafika kumeneko, iye sankadziwa amene angazione.

"Manje niuzeni. Iyi khadi ni yanu?"

Ba Whyson anali ndi yankho lokonzeka kuyambira 1976: khadilo linali la mkulu wawo, amene anamwalira, ndipo iwo anangotenga dzina. Anaganiza za pepala la pageti, za dzina lawo pa nambala 212. Anaganiza za nyumba ya zipinda ziwiri, ya denga lotsinjiridwa ndi miyala, imene Ba Mainess akanatsala nayo. Kenaka anayang'ana pansi. Nsalu imene anamanga kuphazi m'mawa inali itanyowa, ndipo ntchentche zitatu zinali zitatera pamenepo. Kamtsikana kamene kanaima pafupi kanali katatseka mphuno.

"Abambo, yankhani," anatero Ba Mainess.

"Ni yanga," anatero Ba Whyson.

"Zaka?"

"Sikisite sikisi."

Aka kanali koyamba kuti atchule zaka zawo zoona pamaso pa munthu wa ofesi. Nkole anadinda chidindo, nanyamula mapepala onse awiri kulowa nawo m'chipinda chakumbuyo. Makina ojambula anamveka kawiri.

Lachitatu, pa 23 Okutobala, madokotala anadula zala ziwiri ndi kachigawo ka phazi. Mwendo unatsala. Ba Whyson anagona m'chipatala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, ndipo nthawi iliyonse munthu wovala tayi akalowa m'wodi, ankakoka bulangete mpaka pachibwano.

Pa 4 Novembala Ba Mainess ndi amene anapita kugeti la kampani. Kuwerenga sankadziwa bwino, koma manambala ankawadziwa. Anatsetsereza chala papepala mpaka pa 212, kenaka anayenda wapansi mpaka kuchipatala.

"Lilipo?" anafunsa Ba Whyson, akazi awo asanakhale n'komwe pansi.

"Lilipo."

"Inki yofiila?"

"Palibe."

Ba Whyson anagonekanso mutu papilo, maso ali kudenga.

"Kalata za boma zimachedwa," anatero. "Mukayendenso Mande."