Digiri Imene a Zakeyu Anaikana

"Ine anthu ndimawadziwa. Mlomwe, Msena, Mtumbuka, ndikangoona mayendedwe basi, ndamuwerenga!" Ankatero a Zakeyu, kapitawo wa pa esiteti ya fodya kufupi ndi Mitundu, tsiku lomwe mwana wawo Tawina anasankhidwa kupita ku yunivesite.

Chinawanyansa ndi maphunziro akewo. Tawina anasankhidwa kukaphunzira za zikhalidwe zosiyanasiyana, ndi momwe anthu osiyana mitundu angakhalire limodzi.

"Zaka zonsezo kuphunzira miyambo? Ukadzamaliza uzidzavina m'maukwati?"

Mayi Kettie, mphunzitsi woyandikana nawo nyumba, anayesa kuwaunikira. "A Zakeyu, si zovina ayi. Amaphunzira kumvetsa anthu asanawaweruze, ndi kuyanjanitsa osemphana miyambo. Anthu otere amafunika m'zipatala, m'mabungwe, ngakhale pa esiteti panupa."

"Pa esiteti ndilipo ine, aphunzitsi. Digiri yanga ndi imvizi."

"Ababa, ndiloleni chonde," anatero Tawina atagwada. Ababawo n'kuti akukweza wailesi. Malo a ku yunivesite aja anapita, ndipo Tawina anayamba kugulitsa tomato pa msika wa Nathenje.

Zaka zinadutsa. Kenako pa esiteti panagwa maliro. Anamwalira akazi awo a Wilson, tenanti wochokera ku Mzimba. Malemuwo anali Mchewa wa ku Malingunde, ndipo maliro atatha alongo awo anafuna kutenga ana. A Wilson anakana. "Ine ndinalowola. Kwathu ana ndi a bambo."

Nkhani inafika kwa kapitawo. A Zakeyu sanafunse n'komwe kuti mabanja awiriwa anapangana zotani pa nthawi ya ukwati.

"Ana ndi akuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Dziko lonse limadziwa zimenezo!"

Paja dziko lonse la a Zakeyu linkathera pa Nathenje.

Kutacha, a Wilson anali atasamuka ndi ana awo, matenanti onse akumpoto pambuyo pawo. Anakakhala pa tchalitchi china pa Mitundu, kudikira galimoto yakwawo. Inali nyengo yothyola. Fodya anayamba kuwolera m'munda, zigafa zili pululu, ntchito ya a Zakeyu nayo ili pendapenda.

Mwini esiteti anapempha thandizo ku bungwe lina loyanjanitsa anthu. Kunabwera mtsikana pa njinga yamoto, dzina lake Jacinta. Anakhazika pansi mbali zonse, n'kumvetsera mpaka aliyense atatsiriza mawu ake. Akuchikazi anavomera kuti malowolo analandiradi. Anagwirizana kuti ana akhale ndi bambo awo, pa tchuthi azikacheza kwa malume. Matenanti anabwerera, fodya wotsala anapulumuka.

"Mwambo wathu si mwambo wa aliyense," anatero Jacinta potsanzika. "Tizifunsa tisanagamule."

A Zakeyu anamuperekeza mpaka pa njinga. "Mwanawe, nzeru zimenezi unazitola kuti?"

"Ku yunivesite, bambo. Za zikhalidwe zosiyanasiyana. Pasukulu pathu tinasankhidwa awiri, ine ndi Tawina, mtsikana wa konkuno. Ameneyo m'kalasi ankandisiya kutali, koma ku yunivesite sindinamuoneko. Kaya akugwira kuti masiku ano?"

A Zakeyu anavula chipewa n'kuyamba kuchipotokola m'manja. Imvi zija zinali poyera.

Makolo, maphunziro amene simukuwamvetsa, yambani mwafunsa musanakanize mwana. Imvi si digiri.